Njira ya m'mbali mwa Ngwerere

Ndikaweruka pa geti mbandakucha,
tochi m'thumba, tulo tili m'maso ngati mchenga,
sindikweranso pa phula.
Phula lidadya Yotamu
pa mphambano ya ku Chelstone, Lachinayi lina,
minibasi ikuthamangira anthu atatu oima pa siteji.
Njinga yake adaitola ngati nkhuni.
Belu lokha ndilo lidatsala lamoyo,
mkazi wake adandipatsa
atalikulunga m'kansalu ngati dzira.

Ndiye ndimakhotera kuseri kwa mpanda wa famu,
kutsika kanjira kofiira
kopanda hutala, kopanda kondakitala wokuwa,
mpaka tayala lakutsogolo linunkhize madzi.

Ngwerere si mtsinje wodzitama.
Umachoka m'tauni utasenza zathu zonse:
thovu la sopo, majumbo,
patapata mmodzi wotaya mnzake.
Koma ukafika kuno umapuma,
umavula zonsezo m'bango pang'onopang'ono
monga ine ndimasulira mabatani a yunifomu.

Alimi adaubaya m'nthiti, natulutsa ngalande,
ndipo madzi amayenda pambali panga
ngati mbuzi yodziwa kwawo.
Ine kupalasa, iwo kutsetsereka,
palibe wothamangitsa mnzake.

Mai Tisauke aweramira repu wawo,
matope mpaka m'mawondo.
"Mwalonda bwanji, a Nkhoma?"
"Talonda, akuba anagona."
Amandiponyera tomato wong'aluka
woti ku Soweto sangagulidwe,
ndimamudya chipalasire,
madzi ake akutsikira m'chigongono.

Pali pomwe njira imatha mawu:
mlatho wa mitengo iwiri ya bulugamu.
Pamenepo ndimatsika, njinga paphewa.
Yandibereka zaka zisanu ndi ziwiri,
ndiiberekeko nanenso.
Pansi kakowa waima ndi mwendo umodzi,
mlonda mnzanga wosalandira malipiro,
sandicheukira n'komwe.

Ndege ya m'mawa imadutsa ikutsikira ku bwalo,
mimba yoyera ngati ya mlamba.
Kaya a m'menemo amaona kadontho
kakukwawa m'mbali mwa ulusi wa madzi?
Ndine ameneyo.

Tcheni chimagwa pa chulu chomwechomwecho,
tsiku ndi tsiku, ngati chidapangana ndi chiswe.
Ndimachibwezera ndi kamtengo,
kusamba girizi m'ngalande,
achule akundiseka.

Kenaka anyamata a makala,
matumba anayi pa njinga imodzi,
akukankhira komwe ndachokera,
thukuta likulemba mizere pankhope zakuda.
Timapatukirana mosalankhula.
Ndimafuna kuwauza kuti ku phula samalani,
koma akudziwa, akudziwa kale.

Dzinja njirayi imasanduka phala.
Matope amamata mabuleki,
ndimafika dzuwa lili paliwombo,
Nyuma ataima pakhomo, manja m'chiuno:
"Anzanu akwera basi, afika kale, agona."
Sindiyankha.
Ndingamuuze bwanji kuti usiku wonse
ndimayang'anira galimoto za eni ake,
zitatu, zonyezimira, zogona m'mthunzi,
ndipo ola limodzi lokha ili
ndilo dziko silindiimbira hutala?

Sabata yatha ndaona zikhomo za simenti
zitazikidwa m'munda wa Mai Tisauke,
manambala ofiira pamutu pake.
Akuti mapuloti. Akuti msewu udzadutsa.
Tauni ili ndi njala ya fisi,
imanunkhiza ngakhale kumene tabisala.

Koma lero kanjira kakadali kathu.
Mame akadali pa udzu,
masipoko akudula kuwala m'tizidutswa,
utsi wa ku Kasisi ukukwera mowongoka.
Pamene bango latalika kuposa mutu wanga,
popanda munthu, popanda mbuzi yoti ipatuke,
ndimaliza belu.
Ngiri, ngiri.
Atimba amabalalika,
madzi amapitiriza ulendo wawo,
ndipo kwa kamphindi
ndimamva tayala lina kumbuyo kwanga
likuphwanya timiyala,
osafulumira.